Ndinawonjezera ka ku Neno

Galimotoyo ndinayamba kuiona pa laputopu, patebulo lakukhitchini kwathu ku Rotherham, Loweruka lina mu Okutobala. Mwana wathu wamkazi anali atabwera kuchokera ku Manchester kumene ankaphunzira zauinjiniya, ndipo chinali chaka chake chomaliza. Anatembenuza laputopuyo kuti ndione bwino, n'kumazungulitsa chithunzicho ndi chala. Chinali chinthu chachitali, chosendera pansi, matayala ali panja, mapiko kutsogolo ndi kumbuyo, pakati pali kadzenje kolowamo munthu.

"Nanga mnzako akhala pati?" ndinafunsa.

Akazi anga, amene ankasita yunifolomu yawo yaunamwino pakona, anaseka mpaka anaimika simbi. Mwanayo anati, "Dadi, it's a single-seater." Kenako anafotokoza kuti ndi galimoto yampikisano ya mpando umodzi, ndipo ophunzira apayunivesite yawo amapanga imodzi chaka chilichonse, kuyambira pachojambula mpaka kukaipikisanitsa ndi za mayunivesite ena nyengo yotentha ikafika.

"Kwathu mwini galimoto yotereyi sangamuitane paukwati, ngakhale pamaliro," ndinatero. Ndinkaseka nawo, koma maso anga sanachoke pachithunzicho.

Ine ndinali makaniko ku Ndirande zaka zambiri. Maminibasi a Limbe, malole otuta chimanga kumidzi, mapikapu amatola, zonsezo zinadutsa m'manja mwanga. Akazi anga atapeza ntchito m'chipatala kuno, ine ndi mwana tinawatsatira. Magalaja akuno amafuna mapepala ndi kompyuta, ine ndinali ndi makutu ndi manja basi, choncho ndinalowa ntchito yosamalira okalamba. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Sindikuinyoza ntchitoyi, yatilerera mwana. Koma mwanayo anachoka ku Malawi ali ndi zaka zisanu, ndipo sakumbukira n'komwe kundiona ndikutuluka kunsi kwa minibasi. Kwa iye ndinali bambo wonyamula kabokosi ka chakudya m'mawa kupita kokakwera basi. Chimene ndinkalakalaka sichinali chachikulu. Ndinkafuna andione kamodzi kokha ndikugwira ntchito imene ndimaidziwa.

Tsiku limenelo anandionetsa zonse. Thupi la galimotoyo linali la timapaipi towotcherera, injini yake ya njinga yamoto, ndipo mapiko aja sanali oulukira ayi, anali oti mphepo iziikanikizira pansi pokhota. Kachitsulo kalikonse ankakaika pasikelo, chifukwa kulemera ndiye mdani wa liwiro. Gawo lake iyeyo linali mikono yogwira matayala akumbuyo. Anaijambula yekha, anawerengera yekha mphamvu yake, ndipo poionetsa mawu ake anatsika ngati munthu woonetsa khanda.

Ine nditaiona mikonoyo ndinapukusa mutu. "Mwanawe, iyi ndi miyendo ya udzudzu. Iduka."

"It won't. Ndapanga ma calculations katatu."

"Msewu sudziwa masamu."

"Track ilibe ma pothole, Dadi."

Tinasiyira pomwepo, aliyense akuona kuti mnzake ndi mbuli.

Nyengo yonse yozizira ndinkangomva pafoni mmene ntchito ikuyendera. Thupi lawotchereredwa. Injini yafika. Mapiko oyamba anatuluka okhota, akupanganso ena. Tsiku lina anatiuza kuti wasankhidwa kukhala mmodzi mwa oyendetsa, chifukwa ndi wopepuka komanso sanjenjemera, ndipo anamukhazika pathumba la thovu mpaka linauma, kuti mpando utenge msana wake weniweni. Akazi anga atamva zoyendetsazo anasala kudya masiku awiri. Ine ndinkadikira funso limodzi lokha, loti kodi adadi mukuganiza bwanji pa chakuti, koma silinkabwera.

Linabwera mu Malichi, ngakhale silinali funso limenelo kwenikweni. "Dadi, are you off Saturday? Tikuchepa manja."

Sindinali wopuma, koma ndinasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Zambia, amene anandiseka kuti ndikuthamanga ngati ndaitanidwa ku chinkhoswe. Ndinakwera sitima ku Sheffield, kudutsa mapiri aja nkhosa zili mbwee, mpaka ku Manchester. Nditangolowa m'chipinda chawo chogwirira ntchito, fungo la oyilo ndi chitsulo chodulidwa kumene linandikumbutsa ku Ndirande. Ndinaima kaye pakhomo ngati ndikumanga nsapato, kuti asandione m'maso. Pansi panali poyera moti ukanadyerapo, zida zili m'mizere pakhoma, ndipo pakati pake, pamwamba pa timiyendo tachitsulo, panali galimoto ija, yaing'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

M'mawa umenewo anailiza injini koyamba. Onse anali pa laputopu kuyang'ana manambala, ine ndinangotchera khutu. Panali kaphokoso kakang'ono, kakuti tsi tsi tsi, kochokera mbali imodzi. Ndinauza mtsogoleri wa gulu lawo, mnyamata wamtali wa ku Leeds, kuti mpweya ukuthawira polumikizira paipi yachitatu ya utsi. Anandiyang'ana mwaulemu, wosakhulupirira, koma anakayesa, ndipo anapeza kuti panalidi kampata. Mwana wanga anatembenukira anzakewo n'kunena kuti, "He was a mechanic back home. A proper one." Ndinali ndisanamumvepo akunena zimenezo kwa munthu. Ndinasangalala ngati mwana, ndipo ndikuganiza kuti kusangalala kumeneko n'kumene kunandipusitsa.

Masana mwana wanga anandipatsa ntchito yomanga mikono yakumbuyo, mbali yakumanzere. Anandipatsa sipanala yaitali yokhala ndi manambala pachogwirira. Anati ukamamanga bawuti, ikangolira kuti "ke", usiyire pomwepo, chifukwa bawuti aliyense ali ndi mlingo wake. Anandionetsa kamodzi, n'kupita kukathandiza kutsogolo.

Ndinamanga bawuti woyamba. Ndisanayambe n'komwe kukoka ndi mphamvu, sipanala ija inati "ke". Ndinaiyang'ana. Kugalaja kwathu ku Ndirande, bawuti womangidwa chonchi akanakuchotsetsa ntchito. Abwana amene anandiphunzitsa anali ndi lamulo lawo. Ukamanga bawuti wa kumatayala mpaka walimba, iwo ankabwera kumbuyo kwako n'kunena kuti, "Wonjezerapo ka ku Neno." Ankanena za msewu wa ku Neno, umene unkamasula chilichonse chomangidwa mwaulesi. Unkalowetsa paipi kusipanala n'kukokanso kamodzi, ka msewu woipa, ka mvula, ka katundu wopyola muyeso. Tonse tinakula nako kameneko, ndipo palibe minibasi yanga imene inatayapo tayala.

Ndinayang'ana timabawuti towonda tija, n'kuyang'ana mpando umene unaumbidwa pamsana pa mwana wanga. Ndinaganiza kuti ana awa amadziwa mabuku, koma sanaonepo tayala likugubuduka lokha kulowa m'munda, anthu akukuwa m'galimoto. Paipi panalibe, koma ndinatenga sipanala wamba, n'kuwonjezera ka ku Neno pa mabawuti onse atatu. Sindinauze munthu, chifukwa sindinkaona kuti pali chouza munthu. Mwanayo atabwera anafunsa kuti, "Did it click?" Ndinati inalira. Anatenga cholembera cha penti yachikasu, n'kuika chizindikiro pa bawuti aliyense, chosonyeza kuti wamangidwa pamlingo.

Mu Epulo anakaiyesa pabwalo lakale la ndege, kuno konkuno ku Yorkshire, ndipo ine ndi akazi anga tinapita. Kunali mphepo yolowa m'mafupa. Anandanda zikhomo zapulasitiki kupanga msewu wokhotakhota, mwana wathu anavala chisoti, anamumanga malamba, n'kunyamuka. Sindinaonepo chinthu chokhota chonchija. Chinkatembenuka ngati sichikukhudza pansi, ndipo kulira kwake kunkamveka m'mano. Anazungulira kangapo, liwiro likuwonjezeka. Kenako pokhotera kumanja, pakona yakutali, tayala lakumbuyo lakumanzere linapindikira m'kati, galimoto inazungulira kawiri, n'kukaima m'maudzu fumbi lili koboo.

Akazi anga anafuula dzina la Yesu. Ine ndinathamanga, ndipo sindikudziwa mmene ndinafikira. Ndinamupeza akudzimasula yekha malamba, wosavulala paliponse, koma sankayang'ana ine. Ankayang'ana mikono yake ija, itapindika ngati waya. Bawuti mmodzi anali ataduka, mutu wake unatayika m'maudzu. Nditaona pamene panaduka, ndinadziwa nthawi yomweyo. Bawuti wowonda ukamukoka mopyola, amatalika, n'kutsala akungodikira tsiku.

Iwo sanadziwe. Penti yachikasu inalipo, kutanthauza kuti mabawuti anamangidwa bwino, choncho mlandu unagwera chojambula. Anati mwina mphamvu yapakona inaposa imene anawerengera. Mwana wanga sanatsutse. Pobwerera, ali kumbuyo m'galimoto yathu, anati, "Munanena zoona, Dadi. It was too thin."

"Waona?" anatero akazi anga. "Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Bambo akowa si munthu wamba."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Ndikanatha kulankhula pomwepo, msewu unali wautali. Koma chimene ndinachidikira zaka zonsezi chinali chitangofika kumene, ndipo ndinalephera kuchibweza.

Kuyambira pamenepo anayamba kundiimbira foni pafupipafupi. Ankanditumizira zithunzi za mikono yatsopano, yonenepa, n'kumafunsa ngati ndikuiona kuti yakwana. Kutchalitchi akazi anga anafalitsa nkhani yoti ndinaona ndi maso chimene kompyuta inalephera, ndipo madoda ankandigwira dzanja n'kumati galu wamkota sakandira pachabe. Ndinkamwetulira. Kuntchito, ndikumeta ndevu nkhalamba ina imene sinkadziwanso dzina lake lomwe, ndinaiuza nkhani yonse m'Chichewa. Inangondiyang'ana n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Galimotoyo inapikisana ili ndi mikono yonenepayo. Inalimba, koma kumbuyo kunalemera, ndipo pokhota sinkamveranso ngati poyamba. Pampikisano waung'ono wa mu Juni inamaliza bwinobwino, kungoti inkatsalira pakona iliyonse. Pa waukulu wa mu Julayi, umene ankaukonzekera chaka chonse, inathera pakatikati pa mndandanda, pomwe iwo ankayembekezera kukhala pafupi ndi apamwamba. Mwana wanga sanayendetse tsiku limenelo, anapereka malo ake kwa mnzake. Anati mutu unkamuwawa.

Patapita sabata ziwiri anabwera kunyumba. Lamlungu masana, titachoka kutchalitchi n'kudya, ananyamula chikwama kuti akakwere sitima. Amayi ake anali ndi shifiti yamadzulo, ndiye ndinamuperekeza ndekha. Anthu akuno amatsanzikana pakhomo n'kutseka chitseko, koma ife mlendo timamutulutsa mpaka kumsewu, ngakhale akhale mwana wako. Tinatsika mtunda wathu wapansi, kudutsa mashopu otseka.

Panali kampani ina kummwera yojambula magalimoto ampikisano, imene ankailota kuyambira ali ku sekondale, ndipo makalata ofunsira ntchito anali atawakonza kalekale. Ndinamufunsa ngati watumiza.

"I'm not sending it."

"Chifukwa?"

"Ndinatsala pang'ono kudzipha ndi masamu anga omwe, Dadi. What if it's someone else in the seat next time? Ndabwereza ma calculations aja kambirimbiri, sindikupeza pamene ndinalakwitsa. That's the worst part. Ngati sindingapeze, ndiye kuti sindikudziwa chimene ndikuchita."

Tinali pamlatho, pafupi ndi siteshoni. Ndinaima n'kuika chikwama chake pansi.

"Mayi," ndinatero, mmene ndinkamutchulira ali wamng'ono, "masamu ako sanalakwe. Sipanala ija italira, ine ndinawonjezera."

Sanamve msanga. Ndinayamba kumufotokozera za abwana aja, za msewu wa ku Neno, za tayala logubuduka m'munda. Ndinkalankhula zambiri chifukwa ndinkaopa kusiya. Iye anangondiyang'ana, nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono.

"All three?"

"Onse atatu."

"Ndipo munadziwa liti?"

"Tsiku lomwe lija, m'maudzu."

"April," anatero. Kenako anawerenga pa zala, osakweza mawu. "April, May, June, July." Anawerama, kutola chikwama chake, n'kunena kuti, "Bwererani, Dadi. Ndifika ndekha."

Ndinaima pamlathopo mpaka sitima inatuluka. Kulakwa kumanga bawuti akanandikhululukira, ndikudziwa, chifukwa ndinachita poopa kuti angafe. Chimene sakanachimvetsa ndi miyezi inayi ija, imene ndinkalandira ulemu iye akudzikayikira, ndipo ngakhale ine sindichimvetsa bwinobwino mpaka lero. Akazi anga nditawauza sanakalipe, anangoti, "Bambo, mwadya chakudya cha mwana." Anakhala sabata yathunthu akundiyankha ndi mawu amodziamodzi.

Zotsatira zake ndinkazimvera kwa amayi ake. Mwanayo anakafufuza thumba limene anasungamo zoduka za tsiku lija, n'kuyeza mabawuti awiri otsalawo. Onse anali atatalika, atawonda pakhosi. Anakaonetsa aphunzitsi ake ndi gulu lonse. Sindikudziwa kuti anawauza chiyani za ine, ndipo sindinafunse. Anagwirizana kuti pampikisano womaliza wa chaka, kumapeto kwa Ogasiti, pabwalo lina kufupi ndi Newcastle, abwezeretse mikono yowonda ija mmene anaijambulira poyamba. Makalata aja anatumiza.

Sanandiitane. Amayi ake ndi amene anandiuza tsiku, akuyang'ana kumbali, n'kuwonjezera kuti iwo ali pa shifiti. Ndinakwera sitima m'mawa, kenako basi, kenako wapansi. Magulu onse anali m'kati ndi mahema awo, ndipo kumeneko unkalowa ndi kalamba kapadzanja. Ine ndinaima kunja kwa mpanda wawaya pamodzi ndi makolo ena ndi anthu ongodutsa ndi agalu awo.

Anayendetsa iye. Chisoti chinabisa nkhope, koma ndinamudziwa ndi mmene amapendekera mutu. Pakona iliyonse yakumanja maso anga ankakhala patayala lija. Silinagwedezeke. Galimotoyo inali yabwerera mmene ndinaionera mu Epulo, yopepuka, yomvera, ndipo ndinaona ndi maso anga ikudutsa galimoto ziwiri zimene zinaisiya kumbuyo mu Julayi. Sinapambane, panali ina yoposa, koma anzakewo ankalumpha ngati apambana. Bambo wina wachizungu amene anaima pafupi nane anafunsa ngati ndili ndi mwana m'katimo. Ndinamulozera, ndipo anati mwanayo amadziwa kuyendetsa. Ndinamuuza kuti kuyendetsako n'kochepa, mikono yakumbuyoyo anajambula yekha.

Mpikisano utatha anatsegula geti kuti magalimoto akakwezedwe m'mavani. Gulu lawo linabwera likukankha yawo, iye ali pambali, chisoti m'manja, tsitsi litanyowa ndi thukuta. Anandiona. Sanadabwe, ndiye kuti amayi ake anali atamuuza. Anabwera pafupi.

"Mwafika bwanji?"

"Pasitima."

"It held," anatero.

"Ndaona, mayi. Ndaona."

Galimoto inali itafika pa matabwa okwerera m'vani, anzakewo akuvutika kuikankha pamtunda. Ine, mwachizolowezi, ndinasendera n'kutambasula dzanja kuti ndithandize, ndipo linatsala pang'ono kukhudza tayala lakumbuyo.

"Musagwire, Dadi."

Sananene mwaukali. Ananena motsitsa, kuti anzake asamve. Ndinabweza dzanja n'kuliika m'thumba la jekete, ndipo anaikankha okha mpaka inalowa.

Ntchito ija anaipeza, ndipo pano amakhala kummwera. Amaimba foni Lamlungu lililonse. Amandipatsa moni mwaulemu, amafunsa za bondo langa ndi za kuntchito, ndipo pa Khirisimasi amabwera ndi mphatso. Akazi anga amati zinatha, ndisamadzivutitse. Mwina n'zoona. Koma zimene akujambula kumeneko amafotokozera amayi ake, amene sadziwa kusiyana kwa giya ndi buleki, ine ndili pampando womwewo ndikumvera m'mbali. Ndimamusowa mwana wanga, ngakhale pamene ali m'nyumba mwanga. Nthawi zina akamafotokoza vuto la kuntchito kwake ndimakhala ndikudziwa poyambira, yankho lili pakamwa, koma ndimadikira kuti andifunse. Chaka chino ndi chachitatu ndikudikira.